Kodi citukuko cinathera pati? Mau kwa Akristu a ku Msoro ndi ku Malambo konse

Pali funso limene tikulimva kawirikawiri mapemphero a pa Sondo akatha, anthu atakhala pamthunzi kunja kwa chalichi. Acikulire amalifunsa motere: "Paja tinali kupita patsogolo, nanga tinakhotera pati?" Acinyamata safunsa n'komwe. Iwo amangoti citukuko ndi mau a pa wailesi ndi a pa msonkhano wa cipani. M'nkhani ino tifuna kufotokoza cimene cinacitika, cifukwa munthu wosadziwa cimene cinamgwetsa amafulumira kuloza mfiti, kapena kugulitsa voti yake pa citenge.

Tiyambe ndi kukumbuka cimene makolo athu anali kutanthauza ponena kuti zinthu zikupita patsogolo. Kuno ku Msoro nkhaniyi ili ndi poyambira pake. Bishopu John Hine atayamba dayosizi ya Angilikani ya Northern Rhodesia mu 1910, anatuma kuno wansembe Leonard Kamungu, Mnyanja wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anaphunzira ku Zanzibar. Kamungu sanakhale nthawi yaitali, pakuti anamwalira kuno mu Febuluwale 1913. Koma anasiya mpingo ndi masukulu a m'midzi, ndipo kucokera pamenepo mwana wa Mkunda anayamba kuona njira ina ya moyo pambali pa khasu ndi uta. Mu 1948 cipatala ca St Francis cinatsegulidwa ku Katete. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi anthu a kuno pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a yunivesiti. Boma la UNIP linamanga masukulu a sekondale m'maboma, linatsegula yunivesiti ku Lusaka mu 1966, ndipo maphunziro ndi mankhwala zinali zaulere.

Motero panali makwerero amene aliyense anali kuwaona. Mwana ayambe pa sukulu ya mishoni, apite ku sekondale ku Chizongwe kapena ku Katete, alembedwe nchito m'boma kapena ku migodi ya Nkana, Nchanga, Mufulira kapena Luanshya, atumize ndalama kumudzi pa positi, aphunzitse abale ake, ndipo pokalamba abwerere ndi malata ndi njinga. Si onse anakwera, tisaname. Koma ngakhale amene sanakwere anali kukhulupirira kuti mwana wake adzakwera. Cikhulupiriro cimeneco ndico cimene acikulire akulira lero, koposa sopo wochipa wa masiku aja.

Makwerero onsewa anatsamira pa mtengo umodzi: kopa. Pa ndalama 10 zilizonse zimene dziko linali kupeza pogulitsa katundu kunja, 9 zinali za kopa. Mphunzitsi wa ku Msoro, amene sanaonepo mgodi, anali kulipidwa ndi kopa. Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 mwa 100 a migodi, ndipo zaka zimenezo dziko linali kukumba matani oposa 700,000 pa caka. Kwacha itayamba mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola ya ku America.

Kenaka zinthu zitatu zinagwa pamodzi. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera koopsa pa dziko lonse lapansi. Caka comweco malire a Rhodesia anatsekedwa, ndipo katundu wathu anayamba kuyenda njira zazitali ndi zodula. Ndipo pofika 1975 mtengo wa kopa unagwa. Atsogoleri athu, pamodzi ndi mabanki akunja amene anali kuwalangiza, anaganiza kuti ndi cilala ca caka cimodzi. Anatenga nkhongole kuti adikire mtengo ukwerenso. Sunakwere mokhazikika kwa zaka zoposa 25.

Aliyense wa ife amadziwa munthu amene anatenga kaloba mu Januwale poyembekeza kubweza ndi thonje mu Juni, thonje n'kusabereka, iye n'kutenganso kaloba wina kuti abweze woyamba. Dziko linacita cimodzimodzi. Migodi inasiya kukonzedwa cifukwa phindu lake linali kupita kukalipira zina, ndipo pofika 2000 tinali kukumba matani pafupifupi 250,000 okha. Anchito a m'migodi, amene anali oposa 60,000 m'ma 1970, anatsala pafupifupi 22,000. Amene ali ndi zaka zoposa 50 akumbuka mizere ya saladi ndi shuga pa masitolo a boma, zipolowe za unga ku Copperbelt mu Disembala 1986, makuponi a unga, ndi zipolowe zina ku Lusaka mu Juni 1990. Cipani cimodzi cinali citatseka pakamwa pa anthu kuyambira 1973, motero panalibe wowauza atsogoleri poyera kuti njira yasokera. Mipingo ndiyo inakhazika pansi a Kaunda ndi a Frederick Chiluba m'chalichi ca Cathedral of the Holy Cross ku Lusaka mu 1991, ndipo masankho a Okutobala caka cimeneco anadutsa mwamtendere.

Tsopano tifike pa zimene zinakhudza munda wathu weniweni. Boma la MMD linagwirizana ndi IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse kuti licoke m'zamalonda. Mau ake anali akuti boma lisagule cimanga, lisagulitse fetereza, lisakongoze alimi. Amalonda adzabwera okha. Namboard inali itathetsedwa kale mu 1989. Lintco, imene inali kugula thonje, inagulitsidwa mu 1994. Lima Bank inatsekedwa. Makopaletivu aakulu anafooka. Zoona zake n'zakuti mabungwe amenewa anali ndi nthenda zao: anali kucedwa kulipira, cimanga cinali kuolera pa depoti mvula itagwa, ndipo ambiri a ife tinatenga nkhongole za fetereza osabweza, tikumati ndi za boma. Koma anali ndi cinthu cimodzi cimene msika ulibe. Anali kugula pa mtengo umodzi dziko lonse, kwa mlimi wa m'mbali mwa njanji ndi kwa mlimi wa kutsidya kwa Lupande. Msika suwerenga motero. Wamalonda amawerenga dizilo, matayala ndi masipuling'i a galimoto yake. Mseu ukakhala woipa amabwera mmodzi yekha, ndipo wobwera yekha ndiye amachula mtengo. N'cifukwa cake mseu wocokera ku Chipata ndi wocokera ku Katete si nkhani ya fumbi cabe. Dzenje lililonse la mumseu limacotsedwa pa mtengo wa thumba lanu.

Thonje litiphunzitsa bwino za ici. Kampani imakupatsani mbeu ndi mankhwala pa nkhongole, inu mulima, mupalira, mupopera, mutola, ndipo pogulitsa iwo ayamba acotsa zao. Mtengo umene mudzalandira sudziwika pobyala. Umacokera ku misika ya kunja, m'madola, n'kusinthidwa kukhala kwacha. Mu 2011 mtengo wa thonje pa dziko lapansi unakwera kuposa kale lonse, ndipo alimi a kum'mawa kuno analandira bwino. Caka cotsatira anthu anakuza minda, ena anacepetsa ndi cimanga comwe, koma mtengo unatsika pafupifupi ndi theka. Ena mwa mkwiyo anatentha thonje. Panalibe amene anaba m'munda mwao, panalibenso amene analodza. Zimene zinacitika mu 2012 kwa mlimi wa thonje ndi zomwe zinacitikira dziko mu 1975: kugulitsa cinthu cimodzi cosakonzedwa, pa mtengo wochulidwa ndi ena.

Mzungu wina wa ku America, James Ferguson, anakhala pakati pa anchito a m'migodi ku Kitwe m'ma 1980 ndipo analemba buku lochedwa Expectations of Modernity, limene linatuluka mu 1999. Anaona kuti cowawa ca anthu aja sicinali umphawi wokha, pakuti makolo ao analinso osauka. Cinali cakuti anauzidwa kuti alowa m'dziko latsopano, analawa, kenaka anatulutsidwa. Ife sitinafunikire buku kuti tidziwe zimenezi. Tinawaona abale athu akubwera kucokera ku Copperbelt opanda penshoni, ndi ana osadziwa kugwira khasu, ena atadwala matenda a Edzi amene zaka zimenezo analibe mankhwala. Ndalama zinasiya kucokera m'tauni kubwera kumudzi. Zinayamba kuyenda cobwerera, matumba a cimanga ndi nshawa akukwera basi kupita ku Lusaka.

Pa nkhani ya nkhongole mipingo inaimirira. Bungwe lathu la mipingo, mabishopu a Katolika ndi a Evangelical Fellowship anagwirizana pa mfuu ya Jubilee 2000, yotengedwa pa lamulo la caka coliza lipenga la m'buku la Levitiko mutu 25, ndipo Akristu ambiri anasaina mapepala opempha kuti nkhongole zikhululukidwe. Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika, ndipo nkhongole ya madola pafupifupi 7 biliyoni inatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi. Phindu lake tinaliona ndi maso. Mu 2006 ndalama zolipira pa zipatala za kumidzi zinacotsedwa. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere. Mtengo wa kopa unakweranso cifukwa dziko la China linali kumanga mizinda, ndipo mu 2011 unafika madola 10,000 pa tani.

Apa ndiye pamene mtima umatiwawa kwambiri, cifukwa ulendo uno sitinganene kuti sitinali kudziwa. Boma la PF linakongola pa misika ya kunja madola 750 miliyoni mu 2012, biliyoni imodzi mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015, kuonjezera pa nkhongole zina zambiri za ku China ndi kwina. Zina mwa ndalamazo zinamanga miseu, zipatala ndi malo opangira magetsi zimene zilipo mpaka lero. Tisakane zimene maso aona. Koma zambiri zinamangidwa pa mitengo yokwera, mapangano ake osaonetsedwa kwa anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo sinaletse. Ifenso tinaombera m'manja. Walira mvula walira matope. Pofika 2020 nkhongole zakunja zinapitirira madola 12 biliyoni, ndipo mu Novembala caka cimeneco dziko linalephera kulipira ciongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni. Tinakhala dziko loyamba mu Africa kulephera kulipira m'nthawi ya mliri wa korona. Kucokera pa kukhululukidwa kufika pa kugwanso panapita zaka 15 cabe.

Amene amawerenga Nehemiya mutu 5 adzaizindikira nkhaniyi. Kumeneko anthu anapinyolitsa minda yao kuti apeze cakudya m'njala ndi kulipira msonkho wa mfumu, mpaka ana ao anagwidwa ukapolo, pamene linga la mzinda linali kumangidwa ndithu. Cimene timaiwala powerenga n'cakuti okongoza aja sanali alendo. Anali akuluakulu a mtundu womwewo, ndipo Nehemiya anawaitanira pa msonkhano wa anthu onse kuti ayankhe.

Wina angafunse kuti madola a ku London akhudzana bwanji ndi meda ya cimanga pa msika wa ku Msoro. Njira yake ndi iyi. Dziko likakhala ndi nkhongole zambiri za madola, madola amasowa, ndipo kwacha imagwa. Fetereza, dizilo, mankhwala a cipatala ndi a thonje zimagulidwa kunja ndi madola, motero mitengo yake imakwera tsiku lomwelo. Mtengo wa mbeu zanu umakwera mocedwa, ngati wakwera. Mu Januwale 2013 boma linacotsa maziro atatu pa ndalama yathu, ndipo dola imodzi inali makwacha 5 ndi pang'ono. Mu 2024 inapitirira makwacha 25. Tikabwezera maziro aja, ndiye kuti ndalama imene inali kuposa dola mu 1968 inafika pofunika 25,000 kuti igule dola imodzi. Njira yaciwiri ndi ya bajeti. Ndalama yolipira ciongoladzanja imayamba kucotsedwa, zotsala ndiye zigawidwe ku mankhwala, madesiki ndi miseu ya kumidzi. Boma la UPND linagwirizana ndi IMF mu 2022 ndipo linakambirana ndi okongoza mpaka 2024 kuti nthawi yobwezera italikitsidwe. Kutalikitsa si kukhululuka. Ana amene ali mu giredi 1 lero adzalipirako. Ndipo zokambiranazo zisanathe n'komwe kunagwa cilala, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, cimanga ca mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera ndipo madzi a ku Kariba atacepa mpaka magetsi kusowa.

Kodi ndiye kuti citukuko cinatha? Ife tikuona kuti yankho lofulumira, kaya la inde kapena la iai, ndi la anthu a ndale. Mai wa ku Msoro lero ali ndi mwai waukulu woona ana ake onse akukula kuposa agogo ake. Munthu wa kacilombo amakhala ndi moyo, amalima. Foni imatumiza ndalama popanda kupita ku positi, ndipo kasola kamodzi kamaunikira mwana powerenga. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka giredi 12, ndipo caka cimeneco aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito. Zimenezi si zazing'ono.

Koma pa ufulu tinali anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo kalembera wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Caka comweco bungwe la boma lowerengera linapeza kuti anthu 60 mwa 100 alionse ndi osauka, ndipo kumidzi ndi pafupifupi 79 mwa 100. Migodi ya lero imakumba kopa wofanana ndi wa m'ma 1970 koma ndi makina aakulu, osati ndi khamu la anthu. Makwerero aja akalipo, koma athera m'malere. Mwana amakwera mpaka satifiketi ya giredi 12, ena mpaka dipuloma ya uphunzitsi kapena unesi imene makolo anagulitsira ng'ombe, n'kupeza kuti pamwamba palibe denga lofikirapo. Amabwerera kudzaocha makala kapena kuyendetsa njinga yamoto ya munthu wina. Cimene cinatha ndi lonjezo lija lakuti sukulu yokha idzakutulutsa, ndi lakuti boma la ku Lusaka lidzabwera nazo zonse pa nthawi yake. Sitiyembekeza kuti cipani ciliconse cidzalibweza, ngakhale onse adzalonjeza.

Kuno ku Malambo tili ndi citsanzo cathucathu cimene tiyenera kucikumbuka. M'ma 1980 boma, mothandizidwa ndi dziko la Norway, linayambitsa nchito yochedwa LIRDP m'dera la Lupande, m'maiko a mafumu asanu ndi imodzi a Akunda: a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Colinga cinali cakuti ndalama za nyama za kuthengo zithandize eni dera, amene njobvu zimawadyera minda popanda cipepeso. Zaka zoyamba ndalama zinali kugawidwa pamwamba, ndipo anthu wamba sanali kudziwa kuti zabwera zingati. Kuyambira ca m'ma 1996 gawo lalikulu linayamba kufika ku magulu a m'midzi. Anthu anali kusonkhana, kumva ciwerengero conse, n'kusankha okha kuti zingati alandire pamanja ndi zingati amangire cigayo, citsime kapena nyumba ya mphunzitsi. Ndalamazo zinali zocepa. Komabe kumene kunali kuwerengedwa poyera zinali kuoneka nchito yake, ndipo msungicuma wosokoneza anali kucotsedwa ndi anzake a m'mudzi momwemo. Dongosolo lija linasinthidwa pambuyo pake, ndipo lero ambiri a ife sitidziwa zimene zimalowa ku mabungwe oyang'anira zacilengedwe a m'dera lathu, kapena kufunsa.

Tanena izi cifukwa ca CDF. Thumba limeneli linali makwacha 1.6 miliyoni pa caka ku dera lililonse la phungu. Mu 2022 linakwera kufika 25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 linapitirira 30 miliyoni. Dera la Malambo limalandira cimodzimodzi ndi madera a ku Lusaka. Gawo lalikulu ndi la nchito za citukuko zimene anthu apempha, lina ndi la kulipirira ana ku sukulu zogonera komweko ndi za luso la manja, lina ndi la magulu a amai ndi acinyamata. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi, n'kupita ku komiti ya dera lonse, ndipo lamulo la 2018 linaikamo mpando wa woimira mipingo. Ndalama imeneyi si mphatso ya phungu kapena ya kansala. Ndi msonkho wathu, womwe timalipira pogula shuga, sopo ndi mayunitsi a foni. Ingathe kumanga kalavati pa mtsinje umene umatsekereza ana m'dzinja, ndipo ingathenso kuthera kwa makontilakita a cibale amene amasiya cipupa pa windo.

Pano tiyenera kudziloza tokha. Masankho akayandikira, ofuna mipando amakonda mapemphero. Amabwera ndi matumba a simenti a nyumba ya abusa, ndi yunifomu ya kwaya, ndipo timawapatsa mpando wa kutsogolo ndi mphindi zolonjera mpingo. Tikalandira simenti ija pakamwa pamalemera. Mu 2001 mipingo inatha kukana, pamodzi ndi maloya ndi mabungwe a amai mu Oasis Forum, kuti Pulezidenti Chiluba aimenso kacitatu, cifukwa inalibe mangawa kwa iye. Mpingo umene suwerenga poyera za copereka cake ca pa Sondo udzacita manyazi kufunsa khonsolo za mamiliyoni.

Bungwe silikuuzani cipani coti musankhe, ndipo mbusa aliyense wokuuzani zimenezo pa guwa walakwa. Cimene tikupempha mipingo ya ku Msoro, ku Masumba, ku Jumbe ndi ku Mfuwe n'cakuti akulu a mpingo asankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, odziwa kuwerenga, amene azipezeka pa misonkhano ya komiti ya wadi ndi kubwera kudzanena pa zolengeza za pa Sondo: zapemphedwa nchito ziti, zabvomerezedwa ziti, pa ndalama zingati, wapatsidwa ndani, ndipo ithe liti. Wofuna mpando akabwera, akhale pa benchi monga Mkristu aliyense, ndipo mafunso akawayankhe pa bwalo mapemphero atatha, pamaso pa amfumu. Mafunso oyamba akhale a mseu ndi milatho ing'onoing'ono, ndipo afunsidwe m'cilimwe, pakuti Lupande akadzaza mu Januwale palibe galimoto ya simenti imene idzafika kuno kufikira Epulo.